Timu Yathu ya Loweruka

Munthu akandiuza kuti mpira amaudziwa chifukwa amauonera pa foni, ine ndimangomuyang'ana. Ndinakulira pakhomo pamene mpira umodzi unkaseweredwa kawiri, koyamba kubwalo, kachiwiri pakhonde pathu ku Kabwata, ndipo wachiwiriwo ndiwo unkakoma. Chaka chimene timu yathu inagulitsidwa, ababa anatsala pang'ono kutaya mpira wapakhondewo, pamodzi ndi mnzawo yemwe ankabwera kudzaumvera.

Ababa ndi telala. Anafika mu Lusaka kuchokera ku Mangochi akadali mnyamata, atasenza makina osokera, n'kupeza malo kumsika wa Kabwata. Ndi Msilamu wosaphonya swala, munthu wofatsa, koma mukangotchula timu yathu kufatsa konse kumathawa. Nyumba yoyang'anana ndi yathu mumakhala aneba athu, omwe nthawi imeneyo anali kalaliki wa boma. Ndi mkulu wampingo wa Sabata, wobadwira mu Lusaka momwemo, ndipo ife ana tinakula tikuwatchula ba ankolo. Nawonso timu yawo inali yomweyo. Vuto linali lakuti timu yathu ikakhala pakwawo inkasewera Loweruka, ndipo Loweruka ba ankolo sapita kubwalo, satsegula wailesi, ngakhale kufunsa safunsa.

Ndiye panali lamulo, ndipo msewu wonse unkalidziwa: ba ankolo sauzidwa zigoli. Ababa pochokera kubwalo ankabisa sikafu m'jumbo, n'kulowera khomo lakuseri nkhope ili gwa, moti sukanadziwa ngati tapambana kapena atikwapula. Ngakhale masapota obwera akuimba ankati akafika pampanda wa aneba, nyimbo zii, kukayambiranso kutsogolo. Dzuwa likalowa ababa ankaswali magharibi, pemphero la madzulo, tsidya linalo tinkamva nyimbo yotsekera Sabata, kenako geti kwee! Ba ankolo akuwoloka msewu, mpando wawo uli m'manja, akupereka moni wawo wa masiku onse.

"Shani, ba telala? Yambani."

Amayi ankabweretsa tiyi. Ababa ankakhuthulira mabatani patebulo, oyera athu, akuda adani, njere ya chimanga ndiye mpira. Ankayambira pamene osewera akulowa m'bwalo, ndipo sankadumpha kanthu. Ba ankolo akafunsa kuti kodi penateyo inalowa, ababa ankayamba amwa kaye tiyi. Munthu wamkulu, wa tayi, mkulu wampingo, ndinamuona ndi maso angawa atagwira mutu akukuwa kuti, "Menya iwe, menya!" akuuza batani.

Ine ndinali mboni, chifukwa mwa ana onse ndine ndinkapita kubwalo ndi ababa. Choncho ndikanena kuti ababa ankathira mchere, ndikunena zimene ndikudziwa. Mpira umene unapita kumwamba mpaka kukagwera amayi ogulitsa chimanga chootcha, pofika pakhonde unali utakhudza chitsulo cha golo. Goloboyi wathu amene mpira unangomumenya pamimba ali duu, pakhonde ankauluka. Zigoli zokha ndiye sankazikhudza. Tikagonja ankanena kuti tagonja, koma unkagona ukudziwa kuti wagonja ndi timu ya amuna.

Mwa apo ndi apo zinkachitika kuti timu yasewera Lamlungu kapena pa holide, ba ankolo n'kupita kukaonera. Ankabwerako atakhumudwa. "Timu yathu pa Sondo imakhala yolema," ankatero. "Ya pa Sabata ndiye yazoona." Ine ndi amayi tinkathawira kukhitchini kukaseka mpaka misozi. Ababa sankaseka. Ankangovomera kuti zoonadi, anyamata akasinthiridwa tsiku miyendo imalemera.

Zaka zinapita. Ine ndinakwatiwa n'kusamukira ku Chelstone, koma Loweruka la mpira sindinkasowa. Ba ankolo anapuma pantchito, n'kuyamba kuswera pabenchi ya kushopu kwa ababa. Timu nayo inakalamba. Kampani yakale imene inali mwini wake inatha mphamvu, maukonde a magolo anali zigamba zokhazokha, basi ya osewera inkafera panjira. Titagonja motsatizana, kochi anangosowa osatsanzika, timu n'kutsala m'manja mwa womuthandizira, kaputeni wathu wakale, uja ababa ankamuyimiritsa ndi batani lalikulu la jasi.

Kenako mbiri inamveka. Bwana wina wa ku Kabulonga, mwini malole, akufuna kugula timu yonse. Akuti abweretsa kochi wakunja, basi yatsopano, ndipo masewero onse apakwathu awasamutsira Lamlungu, poti Loweruka anthu ambiri amakhala ali pantchito.

Eee, Kabwata inatentha! Anthu anasiya kupatsana moni, aliyense kungofunsa kuti, "Uli kwa kaputeni kapena kwa wakunja?" M'minibasi kondakitala ankaiwala kutolera ndalama chifukwa cha mkangano. Ine sindibisa, ndinali kwa wogula. Ndinkatero poyera, ndipo mpaka lero ndikunena kuti ndinkalondola. Timu yoti osewera akukankha basi pa Great East Road, mukuti tiisunge chifukwa cha mbiri? Mbiri imagoletsa?

Mkangano waukulu unachitika tsiku lina masana kushopu kwa ababa, ine nditapita kukatenga diresi. Pabenchi panali ba ankolo ndi wometa wa shopu yoyandikana, mkulu wina wapakamwa amene amatha kusiya kasitomala mutu uli theka n'kubwera kudzatsutsa nkhani.

"Kaputeni ni mwana wa pa nyumba," anatero wometa uja, makina ometera ali m'manja. "Adziwa bola ya kuno. Uja wakunja azabwela na kompyuta, manje kompyuta idziwa matope ya mu Chunga?"

"Kaputeni anali player wabwino, sinikana," anayankha ba ankolo. "Koma kumenya bola na kuphunzitsa bola ni vinthu viwili. Mlendo ndiye amabwela na kalumo kakuthwa."

"Mlendo ndi mame," ababa anatero osadzutsa mutu pamakina. "Dzuwa likangotuluka mumuona kuli zii. Ndipo bwana wanuyo, lero agula timu, mawa lole ikagwa aigulitsa. Timu si mbuzi."

"Nanga ni ya ndani timu?" anafunsa wometa.

"Ndi yathu."

Apa ine ndinalephera kupirira. "Yathu bwanji, ababa? Munagulapo ngakhale mpira umodzi? Kampani ija inakufunsanipo liti maganizo? Ife ndife okuwa basi. Bola okuwira timu yokhala ndi nsapato."

"Iwe khala chete, wabwerera diresi."

"Diresi ndatenga kale, pakamwa ndiye ndabwera napo."

Wometa anaseka mpaka kukhala pansi. Koma ba ankolo sanaseke. Anavula magalasi, n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi, ndipo polankhula mawu awo anali otsika.

"Ba telala, ine vonse ivo nilibe navo ntchito. Kochi akhale wakuno, akhale wakunja, ni chimodzi. Ine chamene namvela ni Sondo chabe. Nakalamba. Nifuna kuona timu yanga na maso yanga nikalibe kufa."

Makina anaima. Ababa anawayang'ana aneba awo kanthawi, kenako anatulutsa mawu amene sindinkaganiza kuti angakhale m'kamwa mwawo.

"Munthu wosapita kubwalo alibe pakamwa pa nkhani ya timu."

Wometa anakumbukira mwadzidzidzi kuti wasiya kasitomala. Ba ankolo anavala magalasi, anaimirira, anakonza tayi, n'kumapita osatsanzika. Ine manyazi anandigwira ngati ndanena ndine.

Loweruka lotsatira tinapita kubwalo ine ndi ababa, ndipo tinapambana, chinthu chosowa chaka chimenecho. Ababa anabisa sikafu m'jumbo monga mwa nthawi zonse, analowera kuseri, anaswali, anakhuthula mabatani. Tsidya lija nyimbo inamveka mpaka kutha. Tinadikira geti. Amayi anabweretsa tiyi, tiyi anazizira, geti silinalire.

Ndinapsa mtima, ndipo ine ndikapsa mtima sindisankha kuti uyu ndi kholo. "Mwaona? Mnzanu wa zaka zonsezi mwamutukwana pagulu chifukwa cha kaputeni amene sakudziwani n'komwe! Mukuganiza kuti akadzakhala kochi adzabwera kudzasoketsa suti kwa inu?"

"Za kaputeni ndilibe nazo kanthu," anatero ababa.

"Nanga n'chiyani?"

Anayamba kutolera mabatani limodzilimodzi. "Mwanawe, iwe umakhala nane kubwalo. Ukudziwa mmene timu ija imasewerera."

"Imasewera zopusa."

"Eya. Ndiye Lamlungu limodzi pachaka munthu ukhoza kunena kuti anyamata anatopa. Nanga akamaona mlungu ndi mlungu? Adziwa kuti timu ya Loweruka kulibe, sinakhaleko n'kale lomwe. Adzati telala uja wandipusitsa moyo wanga wonse."

"Ndiye munkathiriranji mchere?"

"Sindinanamepo chigoli ngakhale chimodzi," anatero mokweza, chala chili m'mwamba. "Ndinkangopinda m'mphepete kuti nsalu isaoneke kuyoyoka. Munthu wakhala tsiku lonse osatsegula wailesi, akudikira ine, ndiye ndikamupatse zinyalala?" Anatseka chitini cha mabatani. "Komanso akamapita yekha kubwalo, pakhonde pano adzadzatani? Ine Loweruka madzulo ndidzakhala wa yani?"

Ndinawamvera chisoni kwambiri bambo anga. Munthu anali atalimbana ndi msika wonse za makochi ndi eni matimu, chonsecho chomwe ankaopa n'kukhala yekha ndi tiyi. Ndinawauza kuti angowoloka msewu akapepese. Anati akapepesa afunsidwa chifukwa, ndipo chifukwacho sangachinene.

Timu inagulitsidwa. Palibe anatifunsa, ngakhale wometa amene ankalumbira kuti atsogolera masapota kukatseka geti la bwalo. Tinangomva pa wailesi ngati wina aliyense. Kochi wakunja anafika, kaputeni anabwerera pampando wake wothandizira, basi yatsopano inazungulira tauni ikuliza hutala. Miyezi yopuma ligi inatha madala awiri aja akungopatsana moni wa pamsewu, woti "mwauka" basi. Amayi ndi akazi a ba ankolo ankabwerekanabe mchere, akudandaulirana kuti amuna akakalamba amasanduka ana.

Litafika Lamlungu la masewero oyamba, ine ndinaganiza kuti zopusazi zithe. Ndinaimika galimoto pakati pa nyumba ziwirizo n'kuliza hutala mpaka onse anatuluka.

"Galimoto ndi imodzi, ndipo sindipanga maulendo awiri. Wosafuna akwere minibasi."

Ba ankolo anatuluka atavala jekete, ndi sikafu ya timu imene ababa anawasokera kalekale, yooneka yatsopano chifukwa inali isanadye fumbi lambiri. Anakhala kumbuyo, ababa kutsogolo. Ulendo wonse wolankhula ndinali ine ndekha.

Anthu anadzaza bwalo kuposa kale, pamenepo bwana uja analondola. Ba ankolo analowa pageti ngati mwana wolowa m'sitolo ya maswiti, akuyang'ana uku ndi uku, akupereka moni kwa anthu osawadziwa. Ndinawakhazika wina kumanja kwanga, wina kumanzere.

Mpira wake, abale inu! Ndaonerapo mipira yoipa, koma umenewu unali wapadera. Kochi wakunja ankakuwa m'chilankhulo chimene osewera sankamva, kaputeni akumasulira zake. Anyamata atavala yunifomu yatsopano ankapatsira adani mpira mwaulemu. Chigawo choyamba chinatha popanda woyesa golo. Ine sindinkayang'ananso m'bwalo, ndinkangoba ndi diso nkhope ya ba ankolo. Chimwemwe chija chinkatsika pang'onopang'ono. Ababa anali atayang'ana nsapato zawo.

Kutatsala pang'ono kuti mpira uthe, womenya kutsogolo wathu anapezeka yekha ndi goloboyi. Bwalo lonse linaimirira. Mnyamata uja anatseka maso n'kuumenya. Mpira unakwera, unapitirira golo, unapitirira mpanda, n'kukagwera kumene amaimika magalimoto. Wina kumbuyo kwathu anakuwa kuti aupatse pasipoti. Masewero anatha opanda chigoli.

Titafika ku Kabwata ba ankolo anatsika, anati, "Zikomo, mwana wanga," n'kulowa kwawo. Ababa anakhalabe m'galimoto kanthawi.

"Waona," anatero. "Basi, zatha."

Loweruka lotsatira kunalibe mpira, koma ndinapitabe, chifukwa mtima sunandilole kuwasiya okha. Ndinawapeza atakhala pakhonde chimanjamanja. Chitini cha mabatani anali atachibweza kushopu, ndipo anali atawauza amayi kuti asavutike ndi tiyi. Dzuwa litalowa anakaswali, n'kubwerera pampando pawo. Tsidya lija anayamba nyimbo yotsekera Sabata. Ababa ankayang'ana kumbali ngati sakuimva, koma ndinaona chala chawo chikugunda pabondo. Nyimbo inatha. Ine ndinayamba kufunafuna makiyi a galimoto.

Geti kwee!

Ba ankolo anawoloka msewu pang'onopang'ono, mpando uli m'manja. Anauika pamalo ake akale, anakhala, anakonza tayi.

"Shani, ba telala? Yambani."

Ababa anayang'ana patebulo popanda kanthu. "Ndiyambe chiyani, aneba? Lero kunalibe mpira."

"Bola ya pa Sondo ija."

"Munaliko inu. Munaona nokha."

"Ninaliko," anatero ba ankolo. "Koma kuja kuli chongo maningi, anthu kukuwa, na zuba m'maso. Sininaone bwino. Mabatani yali kuti?"

Ababa anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kumwamba. Amayi, omwe ankamvetsera kuseri kwa chitseko, anatulukira ndi mbale ya nyemba ndi chimanga, n'kuikhuthulira patebulo, kenako anathamangira kukateleka tiyi.

Ababa anayala nyemba za adani mbali iyi, chimanga chathu mbali inayo, kamwala ka mpira pakati. Anayamba motsika, akunena zoona zokhazokha: uyu anataya mpira, uyu anagwa yekha. Ba ankolo ankangomvetsera, nkhope yosakondwa, ngati munthu wopatsidwa ndiwo zopanda mchere. Pofika chigawo chachiwiri ababa anayesa pang'ono. Anati wotchinga kumbuyo wathu analanda mpira mwaukatswiri. Ba ankolo anati, "Ehe." Ababa anawongola msana. Goloboyi anayamba kudumpha. Kaputeni anayamba kunong'oneza kochi wakunja nzeru zakuya. Tiyi atafika palibe anamuyang'ana.

Kenako anafika pa mnyamata uja. Njere ya chimanga inatsala yokha ndi nyemba imodzi. Ababa anaigwira, n'kuima. Onse atatu tinauona mpira uja ukupita kumagalimoto, ndipo aliyense ankadziwa kuti mnzake anauona. Ababa anadzutsa maso n'kuwayang'ana aneba awo.

"Anaumenya," anatero pang'onopang'ono. "Unakwera..."

"Unakhudza chitsulo," anatero ba ankolo.

Ababa anaisiya njere ija.

"Unakhudza, ba telala. Ine ninamvela kulila kwake. Ngati ni pa Sabata, sembe inangena mu golo." Anatenga kapu yawo ya tiyi n'kupemerera. "Zaka zonse izi muganiza nenze kubwela kuno kufuna nyuzipepala? Pitilizani, ikalibe kutha bola."

Ababa anatulutsa kansalu m'thumba n'kupukuta m'maso, akunamizira utsi wa mbaula. Kenako anabweza kamwala patebulo, n'kutipatsa kona imene kubwalo kunalibe.